Jakisoni wa kusikelo uja mwini wake ndi mwana

Mwezi wa Julayi ku Mzuzu kuno madzi a m'ndowa amaluma zala. Tsiku limene ndinaperekeza mng'ono wanga kukayamba sikelo chaka chatha tinanyamuka ku Chibavi kusanayere bwino, chifunga chitakuta mitengo, mvula yamawawa ikunyowetsa zitenje pang'onopang'ono. Wakabaza anatiimira koma iye anakana kukwera, ati mabampu a mumsewu mwathu angamugwedezere mwana. Mimba yoyamba imatero, munthu amaopa ngakhale kuyetsemula.

Pachipatala chimene tinapita, chomwe dzina lake lilibe ntchito pano, tinapeza mabenchi atadzaza kale. Anamwino analipo awiri. Amayi ndinawawerenga mpaka 60 n'kuleka. Anayamba ndi nyimbo, m'manja mukuwombedwa kuti magazi ayende, kenako phunziro: kugona m'neti, kubwera ndi abambo kudzayezetsa magazi, kukonzeratu beseni, zitenje, lezala latsopano ndi ulusi. Mzere unayamba kusuntha. Kukwera pasikelo, kuyeza BP, kubaya chala, kumeza Fansidar pomwepo anesi akuona, kulandira mapilitsi owonjezera magazi. Pomalizira penipeni: "Pindani mkono wa malayawo, mayi." Jakisoni walowa, watuluka, kathonje. "Wotsatira!"

Tili pageti mng'ono wanga anandikoka chitenje. "Achemwali, kodi andibaya chiyani?" Ndinamufunsa chifukwa chake sanafunse m'katimo. "Ndikanafunsa bwanji anthu onse aja akudikira kumbuyo kwanga? Akanati ndine wamatama."

Madzulo mkono unatupa pang'ono n'kumawawa, ndipo zimenezo zinakwana kuti bwalo likhale. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anabwera ndi yake, ati mwana wa achemwali awo anabayitsa jakisoni yemweyo ndipo sabata isanathe anapita padera. Alamu anga anatulutsa foni n'kutimvetsera mawu a pa WhatsApp a bambo wina wopanda dzina, wolankhula modekha ngati akutsogolera pemphero, akuti m'katemera azungu amathiramo mankhwala oumitsa chiberekero. Pomwe nsima imafika pamkeka, mlandu unali utagamulidwa: jakisoni wachiwiri, amene anamulembera m'kabuku kuti akalandire pakatha milungu 4, sakabayitsa.

Maganizo anga pankhaniyi sindiwabisa. Jakisoni amene amayi oyembekezera amalandira ku sikelo m'dziko muno, wa kafumbata, ndi mmodzi mwa mankhwala amene mbiri yake ikudziwika bwino kuposa ambiri amene timameza osafunsa. Savulaza mwana ali m'mimba, ndipo kumukana ndiko kumene kumaika mwanayo pangozi. Koma mng'ono wanga sindimutcha wopusa. Munthu amene wabayidwa osauzidwa kanthu, amene ayambe kumufotokozera ndiye amamukhulupirira, ndipo tsiku limenelo anayamba ndi bambo wa pa WhatsApp uja.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Agogo athu aakazi amasimba za mwana wawo wachiwiri, amene akanakhala amalume athu, mwini mbumba. Anabadwa chaka chimene dziko linalandira ufulu, 1964, m'nyumba, azamba ali pomwepo. Mchombo anadula ndi kansungwi kakuthwa, n'kupakapo phulusa kuti uume msanga. Mwana analira bwino, anayamwa bwino masiku 5. Tsiku la 6 anasiya bere. Agogo amanena kuti njala inali nayo ntchito, ankatembenuzira mutu ku bere, koma kukamwa kunakana kutseguka. M'mawa mwake thupi lonse linauma gwa, msana unapindikira kumbuyo ngati uta, timanja titafumbata. Munthu akangogwetsa chikho panja, kapena kutsegula chitseko kuwala n'kulowa, mwana ankakokeka thupi lonse. Anamwalira asanatuluke m'chikuta, asanapatsidwe dzina. Anakamuika amayi okhaokha, mwakachetechete, monga mwa mwambo wake. Akuluakulu anati ndi tsempho, ndipo agogo aamuna anakhala pabwalo kuyankha mlandu wa kumene anayenda. Agogo aakazi anadzamva dzina loti kafumbata patapita zaka zambiri, akuperekeza mwana wawo wamkazi ku sikelo.

Dzina limeneli makolo sanalitole pamsewu. Aliyense amene anaonapo timanja tija amadziwa chimene chinafumbatidwa.

Kachirombo koyambitsa nthendayi kamakhala m'dothi, m'fumbi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo kamatha kugona mmenemo zaka zambiri osafa. Kakalowa pabala, kapena pamchombo wosapola, kamatulutsa poizoni amene amagwira mitsempha, minofu n'kukokana osamasukanso. Kwa mwana wakhanda zizindikiro zimaoneka kawirikawiri pakati pa tsiku la 3 ndi la 14, ndipo popanda chisamaliro chapamwamba cha kuchipatala pafupifupi onse amamwalira. Pali chinthu chimodzi chimene chimasiyanitsa kafumbata ndi chikuku kapena poliyo: sapatsirana. Pa chikuku, ana ambiri m'mudzi akabayitsa, ngakhale wosabayitsa amabisala kumbuyo kwa anzake chifukwa nthenda imasowa podumphira. Pa kafumbata palibe kobisala. Mchengautuwa yense atabayitsa, Zolozolo yense atabayitsa, mwana wa mayi mmodzi wosabayitsa amakhalabe poyera, chifukwa mdani wake ali m'dothi la pakhomo pake pomwe. Nthomba dziko lapansi linaithetsa mu 1980 chifukwa inkakhala mwa anthu okha. Dothi simungalibaye katemera.

Tsono taonani pamene pali mpata. Mwana akabadwa amalandira katemera wa TB ndi madontho a poliyo. Katemera wake wa kafumbata, amene ali pamodzi ndi wa chifuwa chokoka mtima ndi matenda ena atatu, amayamba ali ndi milungu 6, kubwereza pa milungu 10 ndi 14. Kafumbata sadikira milungu 6, amabwera sabata yoyamba kapena yachiwiri. M'masiku amenewo mwana alibe chake. Chimene ali nacho ndi kamba amene mayi anamumangira asanabadwe.

Kambayo amamangidwa motere. M'jakisoni wa kusikelo mulibe kachirombo, kamoyo kapena kakufa. Muli poizoni uja atafooledwa moti sangadwalitse, njira imene akatswiri a ku France anaipeza m'zaka za m'ma 1920. Thupi la mayi likamuona limapanga asilikali odziwa nkhope yake. Asilikali amenewa ndiwo amawoloka pansengwa kupita m'magazi a mwana, makamaka m'miyezi 3 yomaliza. Mwana amalandira chitetezo chopangidwa kale ndi thupi la mayi wake, monga momwe amalandirira chakudya ndi mpweya. N'chifukwa chake ndikuti jakisoniyo amabayidwa pamkono wa mayi koma mwini wake ndi mwana, ngakhale kuti mayiyo naye amatetezeka ku kafumbata wolowera m'mabala a pobereka.

Jakisoni mmodzi sakwanira, ndipo apa ndi pamene mng'ono wanga akanagwera m'mbuna. Kwa mayi amene sanalandirepo, woyamba amangodziwitsa thupi. Wachiwiri, pakatha milungu 4, ndiye amabweretsa chitetezo, ndipo ayenera kulandiridwa kutatsala milungu 2 kapena kuposerapo kuti mayi achire. Wachitatu amabwera pakatha miyezi 6, wachinayi ndi wachisanu pakatha chaka chakachaka. Akakwana 5 mayi amakhala wotetezeka zaka zake zonse zobereka, pamodzi ndi mwana aliyense amene adzabereke. Mphini yobwereza ndiyo imawala. Wobayitsa kamodzi n'kuthawa wamva kuwawa kwaulere. Vuto lathu lina n'loti timayamba sikelo mochedwa, pobisa mimba kuopa maso a anthu. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa amayi 100 alionse, 24 okha ndiwo anayamba sikelo m'miyezi 3 yoyambirira. Woyamba sikelo mimba ili ndi miyezi 8 amakhala akuthamangitsana ndi masiku.

Ena amati tikudziwa bwanji kuti sizivulaza. Tikudziwa chifukwa si zadzulo. Mu 1961 madokotala ogwira ntchito ku New Guinea anasonyeza kuti kubaya amayi oyembekezera kumateteza makanda awo ku kafumbata, ndipo kuchokera pamenepo amayi mamiliyoni osawerengeka m'makontinenti onse alandira jakisoniyu ali ndi pakati. Chikanakhala kuti amapundula ana kapena kuchotsa mimba, zaka zoposa 60 sizikanabisa. Chimene zaka zimenezi zaonetsa ndi ichi: bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 1988 makanda 787,000 anafa ndi kafumbata padziko lonse, pamene mu 2018 anali pafupifupi 25,000. Malawi anatsimikizidwa mu 2002 kuti wagonjetsa kafumbata wa amayi ndi makanda, kutanthauza kuti m'boma lililonse odwala sakufika mwana mmodzi pa ana 1,000 obadwa. Tinali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kufika pamenepo, ndipo n'zodabwitsa kuti sitinyadira.

Sindinganame kuti ndi jakisoni yekha amene anachita zimenezi. Kuberekera kuchipatala kunathandiza kwambiri, lezala latsopano linathandiza, kusiya kupaka phulusa ndi mwaye pamchombo kunathandiza. Kafukufuku yemwe uja anapeza kuti ana 91 pa 100 ankabadwira kuchipatala. Koma ndani sadziwa mayi amene anachirira m'galimoto ya matola, kapena m'mbali mwa msewu wamatope nthawi ya dzinja akuchokera kumidzi ya kuseri kwa Lusangazi? Ndani sadziwa agogo amene mwana akangofika kunyumba amavundukula mchombo n'kupakapo zawo, anamwino atanena kuti asapakepo kanthu koma mankhwala a kuchipatala? Jakisoni amagwira ntchito pa tsiku limene zina zonse zalephera.

Nkhani ya mayi woyandikana nafe ndi imene imavuta kuyankha, chifukwa muli misozi yeniyeni. Mtsikana anabayitsa, anapita padera, zonse ziwiri zinachitikadi. Koma tiyeni tiwerenge. Pa mimba 100 zodziwika, pakati pa 10 ndi 20 zimachoka zokha, zambiri m'miyezi yoyambirira, ndipo zinali choncho kalekale jakisoni asanabwere. Ngati pafupifupi mayi aliyense wofika ku sikelo amabayidwa, ndiye kuti pafupifupi aliyense wopita padera atayamba sikelo adzakhala kuti anabayidwa masiku kapena milungu ingapo m'mbuyomo. Anadyanso nsima m'mawa mwake, anakweranso minibasi, anasendanso chinangwa. Sitiloza zimenezo chifukwa n'zatsiku ndi tsiku. Timaloza jakisoni chifukwa anali chinthu chachilendo chokhacho sabata imeneyo, ndiponso chifukwa mtima wosweka umafuna woti umuloze chala. Kale tinkaloza agogo aamuna kuti atsempha mwana. Njira yokhayo yodziwira zoona ndi kuyerekeza amayi ambirimbiri obayitsa ndi ambirimbiri osabayitsa n'kuona ngati opita padera akuchuluka mbali imodzi. Kuyerekeza kotero kwachitika mobwerezabwereza, ndipo sakuchuluka.

Za kuumitsa chiberekero ndiye zimandiseketsa ndisanakwiye. Mphekesera imeneyi si ya ku Mzuzu. Inayendapo m'mayiko angapo, ndipo mu 2014 inafika pachimake ku Kenya pamene mabishopu a Katolika a kumeneko ananena kuti katemera wa kafumbata wa pa kampeni ina anali ndi mankhwala olera, zomwe boma la Kenya, WHO ndi UNICEF anatsutsa. Ife sitifunika kupita ku Nairobi kuti tiweruze. Ndondomeko ya katemera m'dziko muno inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kalembera wa 1987 anapeza Amalawi pafupifupi 8 miliyoni. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Ngati wina anatumidwa kuti atiumitse ndi jakisoni ameneyu, abweze ndalama kwa amene anamutuma. Amayi athu anabayitsa pa mimba yanga, n'kuberekanso ana anayi pambuyo panga, womalizayo ndi yemwe ankanjenjemera ndi mawu a pa WhatsApp uja.

Komabe sindikufuna kuti wina amve ngati ndikunena kuti chilichonse chochokera m'botolo la kuchipatala n'chabwino kwa mayi wapakati. Ayi. Mantha amenewa ali ndi pochokera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mapilitsi otchedwa thalidomide ankaperekedwa kwa amayi oyembekezera ku Ulaya ndi kwina kuti aletse nseru, ndipo ana oposa 10,000 anabadwa opanda manja kapena miyendo yokwanira asanawachotse pamsika mu 1961. Sanali katemera, koma phunziro lake linakhudza mankhwala onse, ndipo malamulo okhwima oyesera mankhwala amene alipo lero anakula chifukwa cha ana amenewo. Pa katemera penipenipo, alipo amene mayi woyembekezera sapatsidwa dala. Wa chikuku ndi rubella, amene ana athu anayamba kulandira pamodzi mu 2017, ali ndi kachirombo kamoyo kofooledwa, choncho madokotala amati adikire mayi achire. Amatero mochenjera chabe, chifukwa amayi masauzande amene anabayidwa mwangozi asanadziwe kuti ali ndi pakati anatsatiridwa, ndipo ana awo sanapezeke ndi zilema zimene rubella weniweni amabweretsa, monga kugontha, ng'ala ndi vuto la mtima. Kwa ine zimenezi n'zolimbitsa mtima. Anthu amene amasiyanitsa kuti uyu inde, uyu ayi, si anthu ongobaya chilichonse.

Zovuta za jakisoni wa kusikelo zilipo ndipo n'zodziwika: mkono kuwawa, kutupa, nthawi zina kutentha thupi pang'ono, tsiku limodzi kapena awiri. Thupi kukana mankhwala mwadzidzidzi mpaka munthu kubanika zimachitika pafupifupi kamodzi pa majakisoni 1 miliyoni, ndipo zimachitika mphindi zoyambirira munthu adakali pachipatala pomwe pali mankhwala ake. Mng'ono wanga akanauzidwa kuti mkono utupa, kutupako kukanakhala umboni woti anesi ananena zoona. Popeza sanauzidwe, kunasanduka umboni wa bambo wa pafoni.

Chimene chinaipitsa madzi kwambiri ndi Covid. Tikukumbuka pa 11 Malichi 2021 pamene mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anabayitsa ku Zomba, wachiwiri wake malemu Saulos Chilima n'kubayitsa ku Mzuzu konkuno. Tikukumbukanso kuti mu Meyi chaka chomwecho boma linatentha katemera 19,610 wotha mphamvu ku Lilongwe, anthu akumuthawa. Amayi oyembekezera ndiwo anasokonezedwa koposa. Pa kuyesa koyamba kwa akatemera amenewa amayi apakati sanalowetsedwemo, choncho poyamba uthenga unali wokayikakayika, kenako unasintha n'kukhala woti bayitsani. Kwa munthu wamba, wosintha mawu ndi wabodza. Zoona zake n'zoti umboni unabwera pambuyo, kuchokera kwa amayi mazanamazana a masauzande amene anabayitsa m'mayiko osiyanasiyana: kupita padera sikunachuluke, zilema sizinachuluke, pamene nthenda yeniyeniyo inkachulukitsa ana obadwa masiku asanakwane ndi ana obadwa akufa. Koma palibe amene anabwerera pamabenchi paja kudzafotokoza chifukwa chake mawu anasintha. Chikayiko cha Covid chinangotsikira pa jakisoni wakalekale wa kafumbata, amene amayi athu ankabayitsa osaganizako kawiri.

Nkhaniyi ikufunika kuikonza msanga chifukwa majakisoni a kusikelo sadzakhala amodzi mpaka kalekale. Mayiko ena anawonjezera kale. Ku England chifuwa chokoka mtima chinapha makanda 14 mu 2012, ambiri asanafike msinkhu wolandira katemera wawo. Mu Okutobala chaka chomwecho anayamba kubaya amayi oyembekezera, ndipo ana a amayi obayitsa anatetezeka ndi pafupifupi 90 pa 100. Atatsatira amayi oposa 20,000 oyambirira sanapeze kuti ana obadwa akufa achuluka.

Amene ali pakhomo pathu ndi wa kachirombo kotchedwa RSV. Dzinali n'lachilendo koma nthenda yake mayi aliyense wa ku Mzuzu amaidziwa: kamwana ka miyezi iwiri, mphuno zatsekeka, pachifuwa pakulira ngati kamphaka, nthiti zikulowa m'kati pokoka mpweya, bere kakulephera kugwira chifukwa sikangayamwe ndi kupuma nthawi imodzi. Timangoti chibayo. Padziko lonse RSV amapha ana osafika zaka 5 pafupifupi 100,000 pa chaka, pafupifupi theka la iwo osakwana miyezi 6, ndipo pafupifupi onse m'mayiko ngati athu kumene makina a mpweya ndi owerengeka. Katemera wa kampani ya Pfizer wobaya mayi anayesedwa pa amayi oposa 7,000 m'mayiko 18, kuphatikizapo South Africa ndi Gambia, ndipo anachepetsa kudwala kwakayakaya kwa makanda ndi pafupifupi 82 pa 100 m'masiku 90 oyambirira. America anamuvomereza mu 2023, WHO inamuika pamndandanda wa akatemera oyenera kugulidwa ndi mabungwe a United Nations mu 2025, ndipo bungwe la Gavi, limene limatithandiza kugula akatemera, linavomera kuthandiza mayiko osauka kuti amupeze.

Apa ndi pamene ndikufuna a Unduna wa Zaumoyo andimve bwino, chifukwa nkhani ya RSV ili ndi mbali ina imene WhatsApp idzaipeza ngakhale iwo ataibisa. Kampani ina, GSK, inkayesanso katemera wake wa RSV wa amayi apakati, ndipo inaimitsa kuyesako mu 2022. Chifukwa chake chinali choti pa amayi obayitsa, ana 6.8 pa 100 anabadwa masiku asanakwane, pamene pa osabayitsa anali 4.9, ndipo kusiyanako kunaoneka makamaka m'mayiko osauka ndi apakatikati. Katemera ameneyo sanafike pamsika. Pa wa Pfizer panaonekanso kakusiyana, 5.7 ndi 4.7, kochepa moti kakhoza kukhala kamwayi chabe, komabe kanapangitsa America kunena kuti azibayidwa pakati pa milungu 32 ndi 36 yokha, pamene WHO inati kuyambira milungu 28. Kwa ife funso limeneli si lamasewera. Lipoti la WHO ndi mabungwe anzake la 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, 18 pa 100. Aliyense amene anaonapo mayi atamanga kamwana kosakwana makilogalamu 2 pachifuwa usiku wa Juni ku Mzuzu amadziwa mtengo wake.

Wina anganene kuti pofotokoza zimenezi ndikupereka zida kwa ofalitsa mabodza. Ine ndikuona mosiyana. Nkhani ya GSK ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse woti alonda sagona. Kusiyana kwa ana awiri pa 100 kunaoneka, kunanenedwa poyera, ndipo kampani inasiya katemera wa amayi apakatiyo. Ngati diso limeneli linaona kanthu kakang'ono chotero pa amayi masauzande ochepa, likanalephera bwanji kuona chilema kapena kusabereka pa amayi mamiliyoni a jakisoni wa kafumbata? Nditaika pasikelo makanda amene RSV amapha chaka ndi chaka ndi kakusiyana kosatsimikizika kaja, ineyo ndingabayitse, ndipo mng'ono wanga ndingamuuze kuti abayitse. Koma ndikufuna amve zonse ziwiri kuchokera kwa namwino wake, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, asanazimve kwa bambo wa mawu odekha uja atazipotoza. Ndikufunanso kuti tsiku limene katemerayo adzafike pamabenchi athu, padzakhale owerenga ana obadwa masiku asanakwane kuno kwathu, osangodalira ziwerengero za ku Ulaya, ndipo zotsatira zake zizinenedwa pa wailesi.

Anamwino sindikuwaimba mlandu. Anthu awiri pa amayi 60, wina akuyeza, wina akulemba, ndipo masana omwewo mwina akuthamangira ku chipinda choberekera. Koma phunziro la m'mawa lija linatenga pafupifupi theka la ola, ndipo beseni linatchulidwa katatu. Mawu atatu akanakwanamo: jakisoni uyu ndi wa kafumbata ndipo ndi wa mwana wanu, mkono uwawa masiku awiri, mukapanda kubwera kudzalandira wachiwiri woyambayu alibe ntchito. Abambo amene timawakokera ku sikelo kudzayezetsa magazi akanamvanso zomwezo, chifukwa kunyumba chigamulo chimachokera kwa iwo ndi kwa apongozi. Alamu anga sanamve mawu amodzi okhudza katemera tsiku limene anapitako. Chimene anamva ndi cha m'foni mwawo, ndipo anachita monga bambo aliyense wokonda mwana wake angachitire ndi zimene wamva.

Ifenso amayi tili ndi mbali yathu. Tinaleredwa kuti munthu wovala yunifolomu safunsidwa, ndipo timatuluka m'chipinda tikumwetulira n'kukayamba kudandaula pageti. Safunsa anadya phula. Kufunsa kuti mukundibaya chiyani si mwano, ndipo anamwino ambiri amene ndikuwadziwa amasangalala akapeza mayi wofuna kudziwa.

Usiku uja sindinapambane ndi ziwerengero, ngakhale ndinayesa. Alamu anga ankangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Alamu, inu mwawerenga zanu, ifenso tamva zathu." Chimene ndinachita m'mawa mwake ndi kuimbira foni ku Ntcheu, kupempha mwana wa asuweni athu kuti akapereke foniyo kwa agogo. Ndinaika pokweza. Agogo sadziwa za WHO. Anangofotokoza za masiku 7 aja, mwapang'onopang'ono, mpaka pa chitseko chimene ankaopa kutsegula. Pomaliza anati, "Iwe mwana, ine akanandiuza kuti kuli jakisoni wa zimenezi, ndikanayenda wapansi mpaka ku Balaka." Mng'ono wanga sanayankhe. Anapita kukabayitsa wachiwiri atachedwa ndi sabata imodzi, yekha, ndipo pobwera anandiuza kuti anafunsa, anesi anamuyankha bwinobwino, anamuonetsa ndi kabotolo komwe.

Anachira mu Disembala, mwana wamkazi. Tsiku la 6 m'chikuta, pakati pa usiku, anandidzutsa akunjenjemera. "Achemwali, taonani manja ake, wafumbata!" Ndinayatsa tochi ya pafoni. Timanja tinalidi titafumbata, monga momwe makanda onse amachitira, ndipo kukamwa kunali pa bere, masaya akulowa ndi kutuluka. Kutacha tinaimbiranso agogo, amene anafunsa funso limodzi lokha: "Akuyamwa?" Titati eya, anati timusiye mwana agone.

Jakisoni wachitatu anayenera kulandira mu Febuluwale. Tsiku lake analemba ndi bolopeni yofiira m'kabuku kamene tsopano kali pansi pa matewera m'chikwama. Dzulo ndinamufunsa, anati mwana akumutangwanitsa, apita Lachiwiri akamakamuyezetsa.